Wogula Pakati pa Tepi ndi Kadi: Mbiri ya Makina Ojambulira Kanema wa Pakhomo

M'chaka cha 2007, munthu woloŵa m'sitolo ya zipangizo zamagetsi mumzinda wa London, Tokyo kapena Johannesburg kukafuna makina ojambulira kanema wa pakhomo ankatulukamo mutu utaima. Pamaso pake pankandandalikidwa makina a mitundu inayi, onse olembedwa zilembo ziŵiri zakuti HD, ndipo mitengo yake siinkasiyana kwenikweni. Komatu m'kati mwake mudali nkhani ina. Ena ankasunga zithunzi pa tepi, ena pa kachimbale ka DVD, ena pa chimbale cholimba chobisika m'mimba mwa makinawo, pamene ena ankasunga pa kakadi kochepa ngati sitampa ya pa kalata. Ogulitsa ankatama maonekedwe a chithunzi, ogula nafunsa za mtengo ndi za kulimba kwa batire. Funso lalikulu kuposa onse ndilo limene ambiri sankalifunsa: kodi pakadzatha zaka 20, adzapezeka makina oonetsera zimene zajambulidwazi?

Funso limeneli silidabadwe chaka chimenecho ayi. Lidakhala likulondola makina ameneŵa kuchokera pa chiyambi pomwe, ndipo mbiri yawo siingamveke bwino popanda ilo.

Makina otere amatchedwa camcorder m'Chingerezi, dzina lolumikiza mawu aŵiri, loyamba lotanthauza kamera, lachiŵiri lotanthauza chosungira zimene kamerayo yaona. Zinthu ziŵirizi zisadaphatikizidwe, banja lofuna kusunga zithunzi zoyenda linkadalira filimu. Kampani ya Kodak ya ku America idatulutsa filimu ya mamilimita 16 ya anthu wamba mu 1923, kenaka ya mamilimita 8 mu 1932, ndipo mu 1965 idabweretsa ina yotchedwa Super 8. Filimuyi inkabwera m'kabokosi kongoloŵetsa m'kamera, koma kabokosi kamodzi kankatha patangopita mphindi zitatu ndi timasekondi pang'ono. Ikatha, mwini wake ankaitumiza kwa otsuka mafilimu nadikira masiku angapo asadaone ngati adajambula nkhope kapena mapazi okhaokha. Poyamba idalibenso mawu. Chifukwa cha kudula kwake, wojambula ankaganiza kaŵiri asadatobwanye batani.

Komabe filimu idali ndi ubwino umene anthu adauzindikira mochedwa. Pa 22 November 1963, mkulu wina wochita malonda a zovala za amayi, Abraham Zapruder, adaima m'mbali mwa msewu ku Dallas ndi kamera yake ya mamilimita 8 ya Bell & Howell, najambula kuphedwa kwa mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy. Zithunzi zake zidali 486, zotenga masekondi 26 okha. Filimu imeneyo ikusungidwa kufikira lero, ndipo ngakhale makina onse oonetsera atatha padziko, munthu akhoza kuiimika poŵala naona ndi maso ake chithunzi chilichonse. Tepi siitero. Munthu akaiyang'ana amangoona kansalu kakuda kopanda kanthu, pakuti zithunzi zake nzobisika m'mphamvu ya maginito, ndipo zimatuluka pokhapokha makina oyenera ataziŵerenga.

Tepi ya zithunzi idayambira m'nyumba zoulutsira mawu ndi kanema. Mu 1956 kagulu ka akatswiri a kampani ya Ampex ku California, kotsogozedwa ndi Charles Ginsburg, kadaonetsa makina oyamba ogwira ntchito yotere mokhutiritsa. Adali aakulu ngati kabati ya zovala, tepi yake idali ya mainchesi aŵiri m'lifupi, ndipo mtengo wake udali pafupifupi madola 50,000. Padapita zaka 11 kuti kampani ya Sony ya ku Japan itulutse, mu 1967, makina amene munthu mmodzi akadatha kuwanyamula, odziŵika ndi dzina lakuti Portapak. Kamera inkakhala m'manja, chosungira chikulendeŵera paphewa ngati chikwama cholemera, chingwe chikulumikiza ziŵirizo, ndipo zithunzi zake zidali zakuda ndi zoyera basi.

Nkhondo yoyamba imene idagwetsa wogula m'mavuto idabuka zaka zochepa pambuyo pake. Mu 1975 Sony idatulutsa makina a kaseti a m'nyumba otchedwa Betamax, ndipo mu 1976 kampani ina ya ku Japan komweko, JVC, idatulutsa ake otchedwa VHS. Kaseti ya uku siinkaloŵa uko. Ambiri ankanena kuti chithunzi cha Betamax chidali chabwinoko, koma kaseti yake yoyamba inkangotenga ola limodzi pamene ya VHS inkatenga maola aŵiri, okwanira filimu yathunthu kapena mpira wonse. JVC idalolanso makampani ambiri kupanga makina a mtundu wake, motero mitengo idatsika, ndipo obwereketsa mafilimu adadzaza masitolo awo ndi makaseti a VHS. Pofika 1988 Sony yomwe idayamba kupanga makina a VHS. Amene adagula Betamax atafufuza mosamala, atayerekeza chithunzi ndi chithunzi, sadalakwe pa zimene maso awo adaona. Chimene sakadatha kuchiona m'sitolo ndicho kumene anzawo ambiri adzaloŵere.

Ndi m'kati mwa nkhondo imeneyi m'mene camcorder ya anthu wamba idabadwira. Mu 1983 Sony idatulutsa Betamovie, makina olemera pafupifupi makilogalamu aŵiri ndi theka, okhazika paphewa, momwe kamera ndi kaseti zidakhala pamodzi. Adali ndi chilema chimodzi chachikulu: ankajambula koma sankatha kuonetsa. Wojambula ankayenera kufika kunyumba ndi kuika kasetiyo m'makina ena kuti adziŵe chimene wabwera nacho. Chaka chotsatira JVC idayankha ndi makina otchedwa GR-C1, ogwiritsa ntchito kakaseti kakang'ono ka VHS-C, amene ankatha kuonetsa pomwepo zimene ajambula. Kakasetiko kankaikidwa m'chikombole chachikulu nkuloŵa m'makina a VHS a pabalaza. Ndipo mu 1985 Sony idabwera ndi Handycam, yokwanira m'dzanja limodzi, ya tepi ya mamilimita 8 yotchedwa Video8.

Apa wogula adapezekanso pamphambano. Kakaseti ka VHS-C kankatha msanga, mphindi 20 kapena 30, koma kankaonetsedwa ndi makina amene banja lidali nawo kale. Tepi ya mamilimita 8 inkatenga nthaŵi yaitali ndipo mawu ake ankamveka bwino, koma kuti banja liionere linkayenera kulumikiza kamera yomweyo ku wailesi ya kanema. Tanthauzo lake lidali lakuti tsiku limene kamera idzafe, matepi onse adzakhala chete. Ambiri sadaganizire zimenezi, pakuti ndani amaganiza za maliro a chinthu pa tsiku limene akuchigula?

Makina atachepa chotero, adayamba kuona zinthu zimene kale zinkangothera mumdima. Usiku wa pa 3 March 1991, mumzinda wa Los Angeles, George Holliday adadzidzimuka ndi phokoso, natuluka pakhonde la nyumba yake ndi Handycam imene adali atangoigula kumene. Adajambula apolisi akumenya munthu wakuda dzina lake Rodney King ndi zibonga, munthuyo ali pansi. Tepiyo adaipereka ku nyumba ya kanema ya KTLA, ndipo m'masiku ochepa dziko lonse lidaiona. Pamene bwalo la milandu lidamasula apolisiwo mu April 1992, mumzindamo mudabuka zipolowe zimene zidapha anthu oposa 50. Momwemonso pa 26 December 2004, madzi a m'nyanja ya Indian Ocean atasefukira ku Indonesia, Thailand ndi Sri Lanka, zithunzi zambiri zimene dziko lidaona zidachokera m'makamera a alendo amene adapita kukapuma ndi mabanja awo.

Kuno ku Malaŵi wailesi ya kanema idayamba kuulutsa mu 1999, koma kamera ya vidiyo idafika m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'misonkhano ya mipingo mwa njira yakeyake, kudzera mwa anthu ojambula mwa ganyu ndiponso abale ochokera kunja. Pamenepa padali msampha wina. Maiko a dziko lapansi sadagwirizane za kaŵerengedwe ka mizere ya chithunzi. America ndi Japan ankatsata dongosolo lotchedwa NTSC la mizere 525, pamene Britain, South Africa, Malaŵi ndi maiko oyandikana nawo ankatsata la PAL la mizere 625. Motero tepi ya ukwati yotumizidwa kwa mbale wa ku America, kapena kamera yogulidwa kumeneko motsika mtengo, inkatha kukana kuoneka bwino itafika tsidya lina.

Mu 1995 makampani ambiri adagwirizana pa dongosolo limodzi latsopano lotchedwa DV, momwe chithunzi chinkasandutsidwa manambala monga m'kompyuta. Kakaseti kake, ka MiniDV, kadali kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo kankatenga ola limodzi. Ubwino wake udali wakuti kukopera sikunkachepetsa maonekedwe a chithunzi monga zinkachitikira ndi VHS, imene ikakopedwa kaŵiri kapena katatu nkhope zinkasanduka zithunzithunzi. Kwa zaka pafupifupi 10 wogula adapuma, popeza makina a Sony, Canon, Panasonic ndi JVC onse ankalandira kakaseti kamodzimodzi.

Mtendere umenewu udasokonezeka ndi zilembo ziŵiri zija za HD, zimene zimaimira mawu a Chingerezi onena za chithunzi chooneka bwino kwambiri mpaka tizinthu tating'ono. Ganizoli lidachokera ku bungwe loulutsa mawu ndi kanema la dziko la Japan, NHK, limene lidayamba kufufuza nkhaniyi atatha maseŵera a Olympic a ku Tokyo a 1964. Akatswiri ake adakonza chithunzi cha mizere 1,125, chotambalala ngati cha m'nyumba ya kanema, ndipo mu 1989 adayamba kuchiulutsa moyesa kudzera m'mlengalenga. Kusiyana kwake kumamveka bwino munthu akaŵerenga timadontho timene timapanga chithunzi. Chithunzi cha PAL cha manambala chili ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, tonse pamodzi 414,720. Chithunzi chathunthu cha HD chili ndi 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600, ndiko kuti kuŵirikiza kasanu. Pakati pa ziŵirizi pali HD yaing'ono ya 1,280 ndi 720, imene nayonso inkagulitsidwa ndi zilembo zomwezo.

Makina oyamba a HD a anthu wamba adali GR-HD1 a JVC, otuluka mu 2003. Chaka chomwecho JVC, Sony, Canon ndi Sharp adagwirizana pa dongosolo lotchedwa HDV, lopanikiza chithunzi chachikulucho kuti chikwane pa kakaseti komweko ka MiniDV. Mu 2006 Sony ndi Panasonic adalengeza dongosolo lina, AVCHD, limene silinkafuna tepi konse. Ndimo m'mene idabwerera mitundu inayi ija ya m'sitolo.

Munthu wofufuza mosamala m'zaka zimenezo ankaŵerenga magazini a za makamera, kufunsa anzake ndi kuyesa makinawo m'manja, ndipo zimene ankapeza zidali zosokoneza. Akatswiri ambiri oyesa makina ankati chithunzi cha tepi ya HDV, monga cha Canon HV20 ya mu 2007, chinkaposa cha makina oyamba a AVCHD, makamaka pojambula zinthu zothamanga monga ana poseŵera kapena anthu povina. Tepi idalinso yotsika mtengo, ndipo ikadzaza munthu ankangolemba tsiku pamwamba pake nkuiika m'kabati. Vuto lake lidali lakuti kusamutsira zithunzizo m'kompyuta kunkatenga nthaŵi yofanana ndi imene zidajambulidwa, ndipo kunkafuna chingwe chapadera chotchedwa FireWire, chimene makompyuta atsopano adayamba kusiya kuchiikira poloŵera.

Kachimbale ka DVD kankaoneka ngati kosavuta, koma kankadzaza patangopita mphindi pafupifupi 15 ngati munthu asankha chithunzi chabwino kwambiri, ndiye kuti mkwati ndi mkwatibwi asadavekane mphete, wojambula ali kale pa ntchito yosintha chimbale. Choipiratu nchakuti kachimbale kojambulidwa mwa HD sikankaoneka m'makina wamba a DVD, ndipo opanga ankachenjeza kuti kakhoza kukanirira m'katimo. Chimbale cholimba cha m'mimba mwa makina chinkasunga maola ambiri, koma chidali ngati kuika mazira onse m'lichero limodzi: kamera ikagwa kapena ikabedwa, zaka zonse zinkapita nayo limodzi. Mabuku a malangizo a makina ena otere ankaletsanso kuwayatsa pamalo okwera kupitirira mamita 3,000, kutalika kofanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, popeza chimbalecho chimadalira mpweya kuti chiŵerengedwe bwino. Kadi ndiye idalibe chozungulira chilichonse m'kati mwake ndipo siinkaopa kugwedezeka, koma pa nthaŵiyo idali yodula ndi yochepa malo, kotero kuti munthu ankayenera kufafaniza zakale kuti ajambule zatsopano. Wosasamala pokopera ankataya zonse.

Padalinso manambala olembedwa pa bokosi amene ankanyenga maso. Makina ena ankadzitama kuti amakoka chinthu chakutali mpaka mazana angapo, osanena kuti kukoka kwenikweni, kwa magalasi, kunkalekezera pa 10 kapena 12, ndipo kotsalako kudali kungokuza timadontho mpaka chithunzi kuphwanyika. Ena ankatama kuchuluka kwa timadontho, osanena kuti timadontho tikachuluka pa kachipangizo kakang'ono kolandira kuŵala, kalikonse kamalandira kuŵala kochepa, ndiye chithunzi chimachita mchenga m'chipinda cha mdima. Izi zidali zofunika, chifukwa m'sitolo mumaŵala ngati masana, pamene zochitika za pabanja zambiri zimachitikira m'tchalitchi, m'holo kapena pabalaza madzulo. Za mawu ndiye ambiri ankaziiŵaliratu. Makina otsika mtengo adalibe poloŵetsera maikolofoni yapadera, motero malangizo a ankhoswe ankamira m'phokoso la mphepo ndi la ana, pamene nsalu ya diresi inkaoneka ulusi uliwonse. Wodziŵa zinthu akadasankha mawu omveka ndi chithunzi chochepera, pakuti pakapita zaka, chimene ana amafuna kwa gogo wawo amene adatisiya ndi liwu lake.

Wogula akafika kunyumba ankapeza kuti ndalama sizidathere m'sitolo. Kuti aone kusiyana kwa HD ankafunika wailesi ya kanema yatsopano. Kuti adule ndi kulumikiza zithunzi za AVCHD ankafunika kompyuta yamphamvu kuposa imene adali nayo. Ndipo kuti agaŵire abale, padali nkhondo inanso ya zimbale, pakati pa Blu-ray ya gulu la Sony ndi HD DVD ya Toshiba, imene idatha mu February 2008 pamene Toshiba idagonja. Mabanja ambiri ankangotsitsa chithunzi chawo cha HD nkuchiika pa DVD wamba, kubwerera komwe adachokera.

Amene adathetsa mkangano wonsewu sadali mmodzi mwa opikisanawo. Kampani yaing'ono ya ku San Francisco, Pure Digital, idatulutsa kakamera koloŵa m'thumba la malaya kotchedwa Flip, ka batani limodzi lalikulu lofiira, kolumikiza mwachindunji ku kompyuta. Chithunzi chake sichinkafika pa cha makina akuluakulu, koma anthu adakakonda chifukwa kankapezeka pamene chinthu chikuchitika. Mu 2009 kampani ya Cisco idagula Pure Digital pa mtengo wa madola 590 miliyoni, ndipo mu April 2011, zisadakwane ndi zaka zitatu zomwe, idatseka ntchito yonseyo. Pakati pa zaka ziŵirizo padadza lamya ya m'manja yojambula HD: iPhone 4 ya mu 2010 inkajambula chithunzi cha mizere 720, ndipo yotsatira yake ya mu 2011 idafika pa 1,080. Anthu adayambanso kutumizirana zithunzi pa intaneti m'malo mwa zimbale. Kuyambira pamenepo malonda a camcorder adaloŵa pansi, makinawo natsalira kwa ojambula maukwati, mipingo, masukulu ndi atolankhani, amene amafunabe magalasi okoka kutali, batire yokhalitsa ndi mawu omveka. Pamene George Floyd adaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu May 2020, zaka 29 chichitikire cha Rodney King, umboni udajambulidwa pa lamya ya mtsikana wa zaka 17.

Tsono matepi aja adatsala m'makabati. Sony idasiya kupanga makina a Betamax mu 2002 ndipo idaleka kugulitsa makaseti ake mu March 2016. Mu July chaka chomwecho kampani ya Funai ya ku Japan, imene inkadziŵika kuti ndiyo yotsiriza kupanga makina a VHS, idasiya ntchitoyo. Mu 2019 bungwe la UNESCO, mogwirizana ndi bungwe la akatswiri osunga mawu ndi zithunzi la IASA, lidachenjeza maiko kuti makina oŵerenga matepi pamodzi ndi zitsulo zake zosinthira akutha, ndipo lidatchula chaka cha 2025 monga nthaŵi imene ntchito yokopera matepi idzayambe kuvuta kwambiri. Chenjezolo linkanena za nyumba zosungiramo mbiri ndi nyumba zoulutsira mawu, koma likukhudzanso katoni ya makaseti imene ili pansi pa bedi.

Tepi payokha imakalamba. Chinyezi chimafooketsa guluu wogwira fumbi la maginito pa kansalu kaja, ndipo kumalo otentha ndi a chinyontho monga m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, makaseti amachita chuku choyera chimene chimatseka mitu yoŵerengera ya makina. Ya MiniDV ndi HDV, pokhala yopyapyala kwambiri, ikaonongeka siichita mchenga pang'onopang'ono monga VHS. Chithunzi chimangoduka m'timabokosi kapena kuzimiriratu. Odziŵa ntchitoyi amalangiza kuti kaseti yachuku isaloŵetsedwe m'makina isadatsukidwe, kuti zokopedwa zisungidwe malo aŵiri kapena atatu osiyana, ndi kuti kaseti yoyambayo isatayidwe. Kamera yakale imene ikadali yamoyo, ngakhale galasi lake lidasweka, ndi yamtengo wapatali pa ntchito imeneyi, popeza kaŵirikaŵiri ndiyo yokha m'mudzi kapena m'tauni monse imene ingaŵerenge tepi ya mtundu wake. Ndipo kukoperako kulibe chidule: ukwati umene udajambulidwa kwa maola atatu umafuna munthu wokhala pansi maola atatu, kuyang'anira tepi ikuzungulira mpaka kumapeto.